Pampu ya Insulini kwa Achikulire Odwala Shuga: Ndani Angaithe, Ndani Ingamuvulaze

Banja likakhala ndi mwana ku Joni kapena ku Ulaya, kuno kumudzi kuli mayi kapena bambo amene amabaya insulini kawiri kapena katatu patsiku, tsiku lina pamabwera ganizo loti awagulire pampu kuti apume ku jakisoni. Ganizolo ndi lachikondi. Koma pampu siichotsa ntchito ya matenda a shuga, imangobweretsa ntchito ya mtundu wina, ndipo kwa munthu wa zaka 70 amene alinso ndi BP, impso zofooka ndi ng'ala m'maso, ntchito yatsopanoyo ikhoza kulemera kuposa yakale. Zaka za munthu pazokha sizigamula nkhaniyi. Chogamula n'chakuti alamu ikalira 2 koloko usiku ku Thekerani kapena ku Muloza, pali munthu woti adzuke, ndipo akudziwa chochita.

Pampu ndi kamakina kokwana m'thumba la malaya. Mkati mwake muli kabotolo ka pulasitiki kolowa mayuniti 180 mpaka 300 a insulini malinga ndi mtundu wake, ndi kamota kokankha insuliniyo pang'onopang'ono. Insulini imadutsa m'kapaipi kopyapyala n'kukalowa pansi pa khungu kudzera m'kanyula, kachubu kofewa ka mamilimita 6 kapena 9 komatidwa ndi pulasitala. MiniMed ya kampani ya Medtronic imayendera batire la AA, t:slim X2 ya Tandem imatchajidwa pa USB, pomwe Omnipod ilibe kapaipi: imamatidwa yonse pathupi, imalowa mayuniti 200, ndipo imatayidwa pakatha masiku atatu. Kwa ife kuno, kumene magetsi amathima osatsanzika, nkhani ya batire si yaing'ono.

Mu pampu mumalowa insulini yofulumira yokhayokha, monga aspart ya NovoRapid kapena lispro ya Humalog, ya mayuniti 100 pa mililita. Insulini yoyera ngati mkaka imene ambiri amalandira ku chipatala, ya NPH kapena yosakaniza ya 30/70, siilowa mu pampu ngakhale tsiku limodzi, imatseka kapaipi. Pampu imapereka insulini m'njira ziwiri. Pali ya basal, imene imadontha usana ndi usiku ngati mpopi wosatsekeka bwino, ndipo pali ya bolus, imene munthu amalamula yekha pa mabatani akafuna kudya kapena shuga akakwera.

Ubwino wake weniweni kwa munthu wachikulire uli pa kupewa kutsika kwa shuga usiku. NPH imafika pachimake patatha maola anayi mpaka asanu ndi atatu chibayireni, choncho agogo akabaya 6 koloko madzulo, mphamvu yake imakula pakati pa usiku m'mimba mulibe kanthu. Pampu imalola kuti maola amenewo alandire insulini yochepa, m'bandakucha ichuluke pang'ono, ndipo imatha kupereka kachigawo kakang'ono ngati 0.05 ya yuniti, kamene sirinji singayeze. Mapampu atsopano amalumikizana ndi sensa yomata pathupi yoyeza shuga mphindi zilizonse: shuga akayamba kutsika pampu imadziimitsa, akakwera imawonjezera. Kafukufuku wa OpT2mise wa mu 2014, wa anthu 331 a shuga wa mtundu wachiwiri (umene thupi limapangabe insulini koma siigwira bwino) amene majakisoni ambiri patsiku anali kuwakanika, anapeza kuti HbA1c, muyeso wa m'magazi woonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapita, inatsika ndi 1.1 kwa a pampu ndi 0.4 kwa otsala pa majakisoni. Koma taonaninso kafukufuku wa WISDM wa mu 2020, wa anthu 203 a zaka 60 kupita m'tsogolo a shuga wa mtundu woyamba (umene thupi silipanganso insulini): sensa inachepetsa nthawi imene shuga wawo amakhala pansi pa 70 mg/dL, malire a shuga wotsika, kwa a pampu ndi a jakisoni omwe. Ngati ndalama zikukwana chinthu chimodzi, sensa ndiyo yoyenera kuyamba.

Kuopsa kwake kukuchokera pomwepo pa insulini yofulumirayo. Munthu wa pampu alibe insulini yokhalitsa m'thupi. Kanyula kakapindika, kapaipi kakatseka kapena batire likatha, pakatha maola anayi mpaka asanu ndi limodzi thupi limayamba kupanga maketoni, asidi amene amabweretsa kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mwabefu ndi kukomoka. Wa shuga wa mtundu woyamba ndiye ali pa chiopsezo chachikulu. Wachinyamata amapirira mpaka kufika kuchipatala. Wachikulire wa mtima ndi impso zotopa madzi amamuthera msanga.

Mlingo umawerengedwa chonchi

Manambala onse amaikidwa ndi dokotala wodziwa mapampu, osati mwana amene wawerenga pa intaneti, koma wosamalira wodwala ayenera kumva kumene akuchokera. Titenge agogo amene amabaya mayuniti 40 patsiku onse pamodzi. Polowa pa pampu mlingo umachepetsedwa ndi 20 kapena 25 pa 100 iliyonse chifukwa insulini yodontha pang'onopang'ono imagwira bwino, ndiye tikachotsa 25 pa 100 atsala 30. Theka lake, 15, ligawidwa pa maola 24: pafupifupi 0.6 pa ola, imeneyo ndiyo basal yoyambira. Kenako pali manambala awiri okhazikika amene madokotala amawerengera, 500 ndi 1800: 500 kugawa ndi 30 kutipatsa pafupifupi 17, kutanthauza kuti yuniti imodzi ikwanira magalamu 17 a sitachi kapena shuga wa m'chakudya. Ndipo 1800 kugawa ndi 30 kutipatsa 60: yuniti imodzi itsitsa shuga ndi 60 mg/dL. Ngati kamakina kanu koyezera kamawerenga mu mmol/L, gawani 100 m'malo mwa 1800, mupeza 3.3. Kuti musinthe mg/dL kukhala mmol/L mumagawa ndi 18, ndipo banja lisankhe muyeso umodzi, chifukwa 14 ndi 140 zikasokonezeka m'kope ngozi yayandikira.

Tinene kuti masana agogowo ayeza apeza 260, cholinga chawo ndi 140, ndipo chakudya chili ndi magalamu 68. Chakudya chifuna mayuniti 4, kutsitsa shuga kufuna 2, onse 6. Pampu imawerenga yokha, ndipo imakumbukira insulini ya bolus yapita imene imagwirabe ntchito kwa maola atatu kapena anayi. Vuto limabwera munthu akaona shuga sanatsike patangotha ola limodzi n'kuwonjezera pamanja mopitirira zimene pampu yanena. Insulini imaunjikana, ndipo madzulo munthu ali pansi.

Chovuta kwambiri kuno ndi kuwerenga nsima, poti mitanda siifanana kukula. Njira yodalirika ndi kuyeza ufa musanaphike. Magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi sitachi pafupifupi magalamu 75. Mukaphika ufa wa theka la kilogalamu n'kuomola mitanda isanu ndi umodzi yofanana ndi chipande chimodzi, mtanda uliwonse uli ndi magalamu 60 ndi pang'ono. Yezani kawiri katatu, kenako agogo azidya mtanda wa chipande chomwecho tsiku lililonse. Nthochi imodzi yaikulu bwino, zija za ku Thyolo, ili ndi magalamu 25 kapena kuposa, buledi wodula chidutswa chimodzi 15, supuni yaing'ono ya shuga wa mu tiyi 4, chinanazi cha magalamu 100 chili ndi 13. Peyala, nsomba, mazira ndi masamba n'zosafunika kuwerenga. Nandolo ndi nyemba zili ndi sitachi koma zimakweza shuga mochedwa. Thobwa ndiye losawerengeka, mbiya iliyonse ndi kutsekemera kwake. Achikulire ambiri sangathe masamu amenewa katatu patsiku, ndipo si mlandu: dokotala akhoza kuika milingo itatu yokhazikika, ya chakudya chochepa, chapakati ndi chambiri.

Matenda ena amasintha zonse

Cholinga cha shuga kwa wachikulire si chofanana ndi cha munthu wa zaka 30. Malangizo a bungwe la American Diabetes Association amati wachikulire wamphamvu, wa maganizo abwino, HbA1c yake ikhale pansi pa 7.0 kapena 7.5, wa matenda angapo okhalitsa kapena woyamba kuiwala, pansi pa 8.0, ndipo wofooka kwambiri asathamangitsidwe ndi nambala ayi, angopewa shuga wotsika ndi shuga wokwera mpaka kudwalitsa. Kwa wovala sensa, n'zokwanira shuga akakhala pakati pa 70 ndi 180 kwa nthawi yopitirira theka la tsiku, koma nthawi ya pansi pa 70 isafike mphindi 15 patsiku. Chifukwa chake n'chomveka. Phindu la shuga wosungidwa pansi kwambiri limaoneka patapita zaka zambiri, pomwe shuga wotsika kamodzi kokha angagwetse agogo pobwera kuchimbudzi usiku, fupa la m'chiuno n'kuthyoka, kapena kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Impso ndizo zoyamba kuyang'ana. Mbali ina ya insulini imachotsedwa m'thupi ndi impso, ndiye zikafooka insulini imakhalitsa m'magazi. Munthu amene kale amafuna mayuniti 40 akayamba kutsika shuga kawirikawiri popanda kusintha kadyedwe, musakondwe kuti shuga akuchira. Kayezetseni creatinine ndi eGFR, miyeso ya m'magazi yoonetsa mphamvu ya impso. Basal imayenera kutsitsidwa, ndipo eGFR ikafika pansi pa 30 metformin, mapiritsi aja a shuga, imasiyidwa. Kwa odwala impso, ochepa magazi ndi amene angoikidwa magazi, HbA1c imanama, choncho kope la manambala a tsiku ndi tsiku ndilo lodalirika.

Mankhwala a matenda ena nawo amalowerera. Atenolol ndi propranolol, a BP ndi mtima, amabisa kunjenjemera ndi kuthamanga kwa mtima, zizindikiro zochenjeza kuti shuga watsika, chotsala ndi thukuta lokha. Prednisolone wa mphumu kapena nyamakazi, akamwedwa m'mawa, amakweza shuga masana ndi madzulo, usiku n'kutsika. Apa pampu imathandizadi chifukwa basal ya maola amenewo okha ingakwezedwe, bola wina akumbukire kuibweza mankhwalawo akatha. Hydrochlorothiazide wa BP amakweza shuga pang'ono. Ma ARV okhala ndi dolutegravir amakweza shuga kwa ena ndiponso amachulukitsa metformin m'magazi, koma si chifukwa chowasiyira, ndi chifukwa chouza a kiliniki ziwiri zonse zimene mukumwa. Glibenclamide, mapiritsi ena a shuga, sayenera kupitirizidwa pamodzi ndi pampu, ndipo kwa achikulire ndi mankhwala okayikitsa kale chifukwa amatsitsa shuga kwa maola ambiri. Malungo amachita zonse ziwiri: kutentha thupi kumakweza shuga, kusadya ndi kwinini zimamutsitsa, ndiye wodwala malungo ayezedwe maola awiri kapena atatu alionse. Masensa ena amawerenga shuga wokwera monama munthu akamwa Panado kapena vitamini C wambiri. Onani kapepala ka sensa yanu, ndipo nambala ikakayikitsa bayani chala.

Kenako pali maso, manja ndi mutu. Pagalasi la pampu manambala ndi aang'ono, ndipo kusiyana kwa 1.0 ndi 10 ndi kadontho kamodzi. Wa ng'ala kapena amene shuga wamuwononga maso sangaone timpweya m'kapaipi. Wa nyamakazi, wonjenjemera manja, wa dzanzi m'zala kapena amene sitiroko inamufoola mkono amavutika kudzaza kabotolo ndi kulumikiza kapaipi. Wogontha samva alamu, pokhapokha itaikidwa yonjenjemera. Kuiwala ndiye koopsa kuposa zonse: munthu amapereka bolus n'kuiwala kudya, kapena amapereka kawiri, kapena amazula kanyula usiku poyesa ndi kachirombo. Mapampu ali ndi loko wa mabatani ndi malire a bolus yaikulu; ikani zonse ziwiri. Ndipo maganizo a wodwala aziyezedwa chaka ndi chaka, chifukwa amene anaitha pampu ali ndi zaka 66 mwina sangaithe ali ndi 74.

Kwa amene sakonda kudya, kapena amene chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba chifukwa shuga anawononga mitsempha, bolus ya musanadye ndi msampha. Ndi bwino kupereka theka poyamba, theka lina mbale ikatha, kapena kupereka yonse atangomaliza malinga ndi zimene zalowadi. Pa maliro kapena pa chinkhoswe, pamene nsima imafika nthawi yosadziwika, bolus idikire mpaka mbale ili m'manja. Wopita kukalima kapena kukwera zitunda za ku Thyolo wapansi atsitse basal kwa kanthawi, kuyambira ola limodzi asananyamuke, ndi mlingo umene anagwirizana ndi dokotala. Kusala kudya kwa Ramadani kapena kwa ku tchalitchi kukambidwe ndi dokotala kusanayambe.

Kusintha kanyula

Kanyula kofewa kamasinthidwa masiku awiri kapena atatu alionse, kachitsulo masiku awiri, pamodzi ndi kapaipi ndi kabotolo. Chitani m'mawa, chakudya chisanafike, osati pokagona, kuti ngati kanyula kapindika mudziwe kukadali kowala. Tulutsani insulini mu filiji ikhale kaye kunja mpaka ithe kuzizira, chifukwa yozizira ikatenthedwa ndi thupi imatulutsa timpweya, ndipo kampweya m'kapaipi ndi insulini imene wodwala sanalandire. Sambani m'manja ndi sopo. Chotsani kapaipi kakale pathupi musanayambe kalikonse. Kudzaza kapaipi kali kolumikizidwa pathupi kungalowetse mayuniti ambiri nthawi imodzi. Dzazani kabotolo, kagogodeni timpweya tikwere, titulutseni, kenako lamulani pampu idzaze kapaipi mpaka dontho lioneke kunsonga. Tsukani khungu liume, lowetsani kanyula, ndipo musaiwale kudzaza kanyulako ndi kamlingo kolembedwa pa paketi, kawirikawiri 0.3 kapena 0.5 ya yuniti. Pakatha maola awiri kapena atatu yezani shuga.

Malo abwino ndi pamimba, kutalikira masentimita 5 kuchokera pamchombo, m'mbali mwa chiuno, kumtunda kwa matako ndi pantchafu. Pewani pamene pamadutsa lamba kapena mfundo ya chitenje, ndipo malo atsopano atalikirane ndi akale zala ziwiri kapena zitatu. Amene abaya zaka zambiri amakhala ndi timibulu tolimba pansi pa khungu. Pamenepo sipapweteka, n'chifukwa chake amapakonda, koma insulini imalowa mosadziwika bwino. Wachikulire wowonda afuna kanyula ka mamilimita 6 kapena kolowa mopendekeka, apo ayi kagunda mnofu n'kupindika. Khungu lawo ndi lopyapyala, choncho pulasitala inyowetsedwe pomatula, makamaka kwa omwa asipirini kapena warfarin. Malo akafiira, kutentha kapena kutuluka mafinya, zulani ndipo kaonetseni. Posamba pampu ya kapaipi imachotsedwa, koma isapitirire ola limodzi ili padera.

Nyengo yathu ili ndi zake. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala thukuta limamatula pulasitala, ndipo insulini ya mu pampu ikatenthedwa kupitirira madigiri 37 imafooka ngakhale ikuoneka bwino; pampu isagone padzuwa, isakhale pafupi ndi mbaula nthawi ya chiperoni. Botolo la insulini losatsegula limasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, osati mufiriza, lotsegula limakhala masiku 28 pansi pa madigiri 30. Kopanda filiji, mtsuko wadothi wa mchenga wonyowa woikidwa pamthunzi umathandiza, botolo likakulungidwa kuti lisanyowe.

Zikavuta

Shuga akafika pansi pa 70 mg/dL, kapena 3.9 mmol/L, perekani magalamu 15 a shuga: masupuni aang'ono anayi osungunula m'madzi, kapena theka la botolo la Fanta kapena Coca-Cola wamba. Dikirani mphindi 15, yezaninso, bwerezani ngati sanakwere. Kwa achikulire shuga wotsika nthawi zambiri sabwera ndi kunjenjemera. Amabwera ndi kubwebweta, ukali wosadziwika, chizungulire, kulankhula molemera lilime, mwina kufooka mbali imodzi ngati sitiroko. Anthu amangoti ndi ukalamba, ena amaganiza zina. Yezani kaye. Ngati akomoka, musawathire chakumwa m'kamwa. Agonekeni chammbali, imitsani pampu kapena zulani kanyula ngati simudziwa mabatani, pakani shuga kapena uchi pang'ono mkati mwa tsaya, ndipo thamangirani nawo ku chipatala chapafupi akalandire glucose wa mumtsempha.

Shuga akapitirira 250 mg/dL, kapena 14 mmol/L, popanda chifukwa chomveka, ganizani kuti insulini siikulowa mpaka mutatsimikiza. Alamu ya kutseka imachedwa kulira kwa munthu wa basal yochepa, ndipo kanyula kakazuka n'kumadonthera pa malaya siilira n'komwe. Yezani maketoni ndi timapepala ta mkodzo kapena ta magazi. Ngati timapepalato taonetsa kuti m'thupi mulibe maketoni, perekani bolus imodzi yotsitsa, yezaninso pakatha maola awiri. Ngati sanatsike, kapena maketoni a m'magazi afika 0.6 mmol/L, musadalirenso pampu: bayani ndi sirinji ya U-100 (ya mayuniti 100 pa mililita) kapena peni, sinthani kanyula, kapaipi ndi insulini yomwe. Maketoni akapitirira 1.5, kapena wodwala akusanza, ulendo wa kuchipatala uyambe, pa 3.0 moyo uli pachiswe. Langizo loti amwe madzi ambiri ndi labwino, koma amene dokotala anawaletsa madzi ambiri chifukwa cha mtima kapena impso asakakamizidwe kunyumba.

Pampu si chinthu chimene zipatala zaboma zimapereka, choncho zipangizo zake zonse zimadalira thumba la banja ndi njira yochokera kunja. Kusintha masiku atatu alionse ndi makanyula ndi timabotolo ta pampu 10 pamwezi, oposa 120 pachaka. Sensa ya masiku 14 monga FreeStyle Libre ndi 26 pachaka, ya masiku 7 ndi 52, ndipo si sensa iliyonse imalumikizana ndi pampu iliyonse. Musanagule, funsani ku kiliniki ya shuga ya ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena kwa dokotala wa shuga amene amaona wodwalayo ngati alipo woti aziyang'anira manambala a pampu, chifukwa kugula n'kosavuta, kupeza wousintha mlingo impso zikasintha ndiye nkhani. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anadula misewu, milatho ndi magetsi ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, ndipo madera ena anakhala masiku osafikirika. M'nyumba ya wa pampu muzikhala zipangizo za miyezi iwiri kapena itatu, mabatire, masirinji, timapepala ta maketoni, ndi insulini yokhalitsa yosapyola tsiku lake.

Anthu awiri m'banja aphunzire zonse, osati mmodzi, poti mdzukulu wodziwa mabatani tsiku lina apita kusukulu yogonera. Ngati awiriwo palibe, kapena wodwala akhala yekha ndipo wayamba kuiwala, ndi bwino kufewetsa majakisoni kusiyana ndi kugula pampu: kusunthira NPH yamadzulo nthawi yogona, kuichepetsa, kapena kusintha kupita ku glargine, insulini yokhalitsa ya kamodzi patsiku, zonse mogwirizana ndi dokotala.

M'buku la chipatala la wodwala mulembedwe mtundu wa pampu, basal yonse ya tsiku, manambala a bolus, ndi mlingo wa majakisoni wobwererako pampu ikafa. Mwachitsanzo, wa basal ya mayuniti 15 patsiku angalembedwe NPH yogawa pawiri m'mawa ndi usiku, kuphatikiza insulini yofulumira pa chakudya chilichonse. Bukulo lipite nawo akagonekedwa, kaya ku Mulanje Mission, ku Malamulo kapena ku chipatala cha boma cha Thyolo, ndipo namwino woyamba kuwaona auzidwe kuti m'thupi mulibe insulini yokhalitsa, kuti pampu isachotsedwe popanda jakisoni wolowa m'malo. Pojambula X-ray, CT kapena MRI pampu imavulidwa n'kusiyidwa kunja kwa chipinda, sensa nayo imachotsedwa pa CT ndi MRI, ndipo wodwala akabwerera pa pampu atabaya insulini yokhalitsa, basal imayamba mphamvu ya jakisoni uja ikatha, osati nthawi yomweyo.